Telala Amene Anasomola Khoma

Bambo anga ndi telala kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo kwa iwo chinthu chilichonse chapansi pano ndi nsalu. Chikathina umasomola msoko, chikakula umapinda. Makina awo osokera amakhala pabalaza, pafupi ndi windo, ndipo Amayi ankakhala pambali pawo kumangirira mabatani uku akuwanena makasitomala.

Amayi atadwala matenda ofa ziwalo tinawapezera njinga ya olumala, koma njingayo inakana kulowa pakhomo la kuchipinda. Amayi ankangogona m'katimo kuyang'ana kudenga. Achemwali anati akawatenge azikakhala kwawo, kunyumba ya zitseko zazikulu. Bambo atamva zimenezo anasiya ndi kudya komwe.

Ndiye tsiku lina ndikufika kuchokera kuntchito, kalanga ine! Fumbi lili koboo, Amayi awakhazika pakhonde, Bambo tepi ili m'khosi, nyundo ili m'manja. Khoma lapakati pa chipinda ndi balaza kulibe.

"Bambo, mwatani?"

"Nyumba inathina, mwanawe. Ndaisomola."

Kunena zoona, sabata yoyamba zinali bwino. Amayi ankawaona amuna awo akusoka, mpaka tsiku lina anaseka. Kenako chitseko chakumaso chinayamba kuvuta kutseka. Bambo anachipala. Chinavutanso, anachipalanso. Mng'alu unatuluka pamwamba pa windo, ndipo mtanda waukulu wa denga unayamba kugwa mimba pakati. Ine mantha anandigwira, ndinakaitana mmisiri womanga nyumba.

Mmisiriyo atangolowa anayang'ana kumwamba n'kubwerera chambuyo mpaka pakhomo.

"Madala, khoma munachotsali ndi limene linasenza denga."

"Kusenza bwanji? Limangoima. Zaka zonsezi sindinalionepo likugwira ntchito."

"Malata ndi matabwa amakanikiza mtanda, mtanda umakanikiza khoma, khomalo limakankhira m'mwamba."

"Limakankha? Lili ndi manja?"

Mmisiri anatola ndodo yoyezera nsalu n'kuipinda pang'ono. Anati mtanda ukalemedwa, pamwamba pake pamafinyika, pansi pake pamakokeka. Bambo anakumva kukokekako, poti nsalu imakokeka tsiku lililonse. Koma mtengo umodzi womwewo kufinyika ndi kukokeka nthawi imodzi, iwo anati limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Inenso ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva, chikhalirecho mutu uli balala.

"Nanga khoma la kukhitchini?" anafunsa Bambo.

"Limenelo mutha kugwetsa, silinasenze kanthu."

"Njerwa zomwezo, dothi lomwelo, lina lasenza, lina likungodya zaulere? Ndiye munthu ungadziwe bwanji?"

Anafunsanso ngati sitingangokoka mtandawo ndi waya, kapena kuuika chigamba. Mmisiri anapukusa mutu. Anati mtanda wachitsulo ungathe kudutsa popanda khoma, koma makoma akunja ndi ofooka, sangaulandire. Khomo lalikulunso silingatheke, chifukwa mtanda umatera pompo. Tsiku lomwelo anachirikiza denga ndi mitengo, ndipo khoma linabwerera pamalo pake, ndi kakhomo kake komwe kaja.

Achemwali anabwera ndi galimoto. Ine ndinali kumbali yawo, ndipo ndinawakalipira Bambo kuti akanatiphera Amayi ndi nzeru zawo za sizasi. Bambo analowa kuchipinda, tinangomva bedi likulira. Potuluka anali atawabereka Amayi kumsana, akudutsa chammbali pakakhomo kaja. Anawakhazika pampando pafupi ndi makina, n'kuwakonza mpango.

Galimoto inabwerera popanda Amayi. Mpaka lero Bambo amatero m'mawa uliwonse, madzulo n'kuwabwezera. Msana wawo ukupindika ndikuona, ndipo zimandiwawa.

"Bambo, tsiku lina mudzagwa nawo."

"Za makoma zija sindinazimve mpaka pano," anatero akupuma mwawefuwefu. "Koma awa ndikudziwa powagwira."