Madzi a Mandimu a Bambo Luwayo

A Mcdonald Luwayo anafika mumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja, ali ndi thupi la munthu wamba. Chinawasintha ndi mgodi. Ntchito yawo inali yoyendetsa chimgalimoto chonyamula miyala ya chitsulo kumpoto kwa dzikolo: kukwera ndege, kukakhala kumgodi masabata awiri, n'kubwerera kunyumba kwawo ku Ellenbrook, kumphepete kwa mzindawo, kudzapuma. Kumgodiko chakudya n'chaulere ndipo palibe amene amakuyang'ana m'mbale. A Luwayo kudya anakutenga ngati ntchito yachiwiri, ndipo pa ntchito imeneyi sanajombepo.

Mimbayo ankainyadira. Pa maphwando a Amalawi ankaisisita uku akunena kuti, "Uku ndiye kukhala bwino, achimwene. Inu oondanu kumudzi akuti mukuvutika." Tinkaseka, ena chifukwa zinkatisangalatsa, ena chifukwa nyama yomwe tinkaotchayo inali yogula iwo. Akazi awo, a Edda, omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba, sankaseka nawo. Iwo ndi amene ankawamangira zingwe za nsapato m'mawa, chifukwa bamboyo akawerama mpweya unkawathera.

Korona atabwera, kampani inayamba kuyeza thanzi la antchito ake mosanyengerera. Dokotala sanawabisire: shuga wakwera, magazi akuthamanga kwambiri, mawondo akutha, ndipo munthu wa thupi lotere akagwidwa ndi matendawa zimavuta. Anawauza za opaleshoni yodula mbali yaikulu ya chifu, kuti chitsale chaching'ono ngati nthochi, munthu azikhuta ndi zochepa.

"Ine andidule ngati mbuzi?" anakalipa atafika kunyumba. "Mayi a Natalie, mzungu ameneyu sakundidziwa."

Koma kumayambiriro kwa 2021 uthenga unabwera kuchokera ku Lilongwe kuti msuweni wawo, munthu wa thupi ngati lawo lomwe, wamwalira ndi korona. Malire anali otseka, ndiye maliro anawaonera pa foni, atakhala pa sofa, bokosi likutsitsidwa ndi anthu ovala zoyera ngati opita kumwezi. Sabata yomweyo anabwerera kwa dokotala uja, mawu atatsika.

Mpaka apa palibe amene akanawanena. Munthu anaopa imfa, n'kusankha moyo. Vuto linayamba ndi lamulo lomwe anaika pakhomo: asadziwe munthu. Anauza anzawo kuti kampani yawaletsa kuchoka kumgodi chifukwa cha mliri, ndipo nthawi imeneyo bodza lotere linkamveka. Pomwe ife tinkawamvera chisoni kuti akuzunzika ku fumbi la kumpoto, iwo anali m'chipinda ku Ellenbrook, makatani otseka, akumwa msuzi ndi kasupuni ka tiyi, n'kumabuula. A Edda ndi amene ankapera zakudya, kutsuka timabala ta pamimba, kuwakumbutsa mavitamini, kenako n'kupita kukasamalira okalamba a eni. Mwana wawo Natalie anauzidwa kuti akafunsidwa azinena kuti adadi ali ku ntchito. Iye anangoyankha kuti, "That's so weird, Dad," n'kubwerera pa foni yake.

Atatulukira patapita miyezi ingapo, anthu anawadutsa pakhomo la tchalitchi osawazindikira. Khosi linali litaoneka. Jekete linkalendewera ngati lobwereka. Aliyense anafuna kudziwa chinsinsi, ndipo a Luwayo, poona kuti maso onse ali pa iwo, anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Madzi ofunda a mandimu m'mawa uliwonse, kuika jinja pang'ono. Kenako kuthamanga. Koma chachikulu ndi kudziletsa. Anthu ambiri mulibe kudziletsa."

Kuyambira tsiku limenelo gulu lathu la pa WhatsApp linasanduka guwa lawo. M'mawa uliwonse chithunzi cha kapu ya mandimu. Loweruka chithunzi chawo ali m'mbali mwa nyanja ku Fremantle, atavala kabudula ndi nsapato zothamangira, nkhope atainyowetsa. A Edda, omwe ankajambula, anadzatiuza pambuyo pake kuti mtunda wonse womwe ankathamanga unali wochoka pa galimoto kukafika pamchenga.

Kumudzi nkhani inafika mwina. Amayi awo atawaona pa vidiyo analira. "Mwana wanga watha! Kodi apongozi akumaphika koma? Kapena pali matenda amene mukundibisa?" A Luwayo anangoti, "Amayi, zakudya za kuno ndi zina," osaonjezera kanthu. A Edda anali ataima pambali ndi thaulo la mbale m'manja. Alongo awo a Luwayo anasiya kuwayankha mauthenga.

Amene anavulala kwenikweni ndi a Levy Chisenga, Mzambiya wokonza magetsi, munthu wofatsa, wonenepa kuposa momwe a Luwayo analili. Nawonso dokotala anali atawalangiza za opaleshoni yomweyo, ndipo tsiku anali atapatsidwa kale. Anapita kukafunsa nzeru kwa munthu amene ankaoneka kuti wapambana.

"Ba Luwayo, dokota akamba ati nichite opaleshoni. Manje nili na mantha. Imwe muona bwanji?"

A Luwayo anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Achimwene, zimenezo ndi za anthu aulesi. Mwamuna weniweni sadulitsa mimba. Taonani ine."

Ananena zimenezi timabala tili pansi pa malaya. A Levy anaimbira kuchipatala n'kukana tsiku lawo. Anamwa mandimu mpaka mano anayamba kuyayamira. Anathamanga mpaka bondo linatupa. Thupi silinasunthe, shuga anapitirira kukwera, ndipo pa gulu paja a Luwayo ankawalimbikitsa pamaso pa onse kuti, "Limbikirani, a Chisenga. Mukudyabe mobisa inu."

Zinaululika pa Khirisimasi ya chaka chomwecho, kuseri kwa nyumba yawo, komwe anaitanira anthu kudzaotcha nyama. Masiku amenewo korona anali atapezekanso mumzinda ndipo aliyense anali ndi masiki m'thumba. A Callista, akazi awo a Levy, anaona kuti mwini phwando akungotosatosa kachidutswa ka nkhuku.

"Alamu, inu mumatiuza za kuthamanga, koma kudya mumadya ngati mbalame. Wothamanga amadya."

Anthu anaseka. A Luwayo sanafune kusekedwa pakhomo pawo. Anatenga nthuli yaikulu ya ng'ombe, n'kuimeza mwachangu monga ankachitira kale, n'kutsirapo chakumwa chozizira cha gasi. Posakhalitsa thukuta linayamba kutsika. Nkhope inatuwa. Anagwira pachifuwa, nadzandira kupita ku maluwa a akazi awo, n'kusanza zonse.

Mipando inagwa. Masiki anatuluka m'matumba. Amayi anakoka ana awo. Wina anakuwa kuti aimbe ambulansi, wina kuti tonse atitsekera m'nyumba, wina anayamba kutchula amene anagwirana nawo chanza. A Edda anayang'ana chipwirikiticho, kenako anaika mbale pansi.

"Khalani pansi nonse. Si korona. Bambo a Natalie anadulitsa chifu mwezi wa Febuluwale. Chatsala n'chaching'ono, sichilandira nyama yotere. Tiwapatse mpata, zitha."

Nyama inkapserera pamoto popanda woitembenuza. A Levy anaimirira movutika, akutsimphina ndi bondo lija, n'kupita pomwe mnzawo anagwada.

"Ba Luwayo, nthawi yonse iyi mwenze kuninamiza?"

A Luwayo anapukuta pakamwa ndi kumbuyo kwa dzanja. Tonse tinadikira kuti mwina apepesa. "Mandimu nawonso anathandiza," anatero.

A Callista anatenga chikwama chawo, n'kutenganso mbale ya saladi yomwe anabwera nayo, n'kukoka amuna awo kupita kugalimoto.

A Levy anabwerera kwa dokotala wawo, koma tsiku lija linali litapita kalekale. Malire atatsegulidwa matenda anafala, maopaleshoni osafulumira anaimitsidwa kwa kanthawi, ndipo anadikira akubaya jakisoni wa shuga. Atachitidwa opaleshoniyo, sanabise. Amakweza malaya kuonetsa timabala kwa aliyense wofunsa, amanena poyera kuti tsitsi linathothoka, khungu la m'mikono likulendewera, ndipo masiku ena amalakalaka kukhuta ngati kale mpaka misozi. A Edda ndi amene anaphunzitsa a Callista kaphikidwe ka msuzi wa masabata oyamba. Anaimbiranso apongozi awo ku Lilongwe n'kuwafotokozera zonse, amuna awo ali kumgodi.

A Luwayo anatuluka pa gulu la WhatsApp, n'kubwereramo patapita mwezi ngati palibe chinachitika. Anatulukira kuti chifu chaching'ono chimakana nyama koma sichikana ayisikirimu ndi mowa, ndipo lamba wayambanso kusuntha. Ophunzira atsopano akafika ku yunivesite ya Murdoch, omwe nkhaniyi sakuidziwa, amawakokera pambali n'kuwalozera a Levy. "Mukumuona uyo? Ankaopa mpeni. Ndinamutsegulira njira ndine." A Edda akamva mawu amenewa amatenga makiyi n'kukadikira m'galimoto, wailesi atakweza.