Chambiko cha Amalume

Amalume atamaliza makapisozi a chilonda chapamwendo, anayamba kutsegula m'mimba. Anamwino anati mankhwalawo anapha ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo tomwe, ndiye azimwa chambiko kuti tibwerere. Amayi anandituma panjinga kukagula ku Zemba.

Powapatsira kapu ndinati, "Amalume, mukudziwa kuti umu muli tizilombo tamoyo? Tinaphunzira kusukulu. Panopa tikusambira."

Anasuzumiramo nthawi yaitali. "Iwe mphwanga, zoona?"

"Kafunseni aphunzitsi."

Bodza sindinanene. Anakankha kapuyo, ine n'kugugudiza, masiku anayi onse. Thonje lawo linakhala losatola, iwo akungozungulira kuchimbudzi.

Tsiku lachisanu anandigwira dzanja, maso atalowa m'kati. "Mphwanga, sukulu ndi yabwino. Unandipulumutsa."

Ndinafufuza chisoni mumtima, osachipeza. Ndinangoti, "Mawa ndikagulenso china, koma amayi asadziwe kuti simukumwa."