Tsiku limene ndinadzoza mphaka wa Anaphiri

Ndikakumbukira Anaphiri, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la thaulo lonyowa likuuma pa hita, ndipo m'makutu ndimamva mkonono wa mphaka atagona pamiyendo pawo. Tinkakhala khomo ndi khomo ku Bolton, ku Mangalande, m'nyumba zogundizana zija zoti mnzako akatsokomola umamva. Ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ana awo onse ali ku Zomba. Anali mayi a pakamwa, osaseka ndi mwana, koma kwa Dolly ankafewa.

Dolly anali mphaka wa gogo wina wachizungu amene Anaphiri anamusamala mpaka kumwalira. Ndinali ndisanaonepo mphaka wotero: ubweya wopotanapotana ngati wa nkhosa, ndevu nazonso zopotana. Mtundu wake amati Selkirk Rex. Anthu a kutchalitchi ankanong'onezana kuti Mmalawi weniweni sagona ndi mphaka m'nyumba. Anaphiri ankangoti, “Iwowo akachoka ku shift amawalonjera ndani?”

Koma Dolly sanali wawo kwenikweni. Mwana wamkazi wa malemu uja anati adzabwera Loweruka lina kudzamuona, ndipo akadzapeza kuti sakusamalidwa bwino, adzamutenga.

Tsikulo m'mawa Anaphiri anandisiya ndi mphakayo n'kupita kukagula mabisiketi a mlendo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwathu mwana saonekera kwa alendo ali mbuu, tsitsi lili nyankhalala. Umapesedwa ndi kudzozedwa mpaka kunyezimira. Ndinamuyang'ana Dolly n'kumumvera chisoni. Ndinathamangira kunyumba kukatenga chipeso cha amayi ndi botolo la mafuta odzola, ndipo ndinagwira ntchito ndi mtima wonse. Pomaliza ubweya wonse unali utagona, mafuta ali noninoni, ngati khoswe wogwera m'chiwaya.

Anaphiri atalowa, jumbo inawapulumuka.

“Iwe Tadala, wamuchita chiyani mwanayu?”

“Ndamukonzera alendo.”

Ndinayembekezera mbama. M'malo mwake anakhala pa masitepe, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mantha pankhope pawo. “Akamutenga, ine ndizilankhula ndi khoma?” Mawuwo anandilasa kuposa mbama.

Kenaka anavula jekete, nadzaza sinki ndi madzi ofunda. Anamusambitsa katatu ndi sopo wake wa amphaka, zala zikuyenda mofatsa kutsata ubweya, ndipo Dolly anangokhala duu ngati akudziwa mlandu wake. Sanamupukute, anamukulunga m'thaulo n'kumasindikiza pang'onopang'ono. Nditanena zokatenga makina owumitsira tsitsi, anandiponyera diso.

“Khala pomwepo. Ubweya uwu sufuna mafuta, sufuna mphepo yotentha. Chipeso chako cha mano ang'onoang'onochi ndiye ayi. Umafuna zala basi.”

Anamukhazika pamiyendo nayamba kufumbata ubweya pang'onopang'ono, kufumbata n'kusiya, kufumbata n'kusiya, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ola lathunthu linatha osathamanga, ngakhale wotchi inali patsogolo pawo. Ndipo ndinaona ndi maso angawa ubweya ukudzuka wokha, kupotana kuyambira pakhosi, kutsikira pamimba, mpaka mchira unachita wiyawiya. Ndinagwira pakamwa. Sindinkadziwa kuti manja a munthu angabweze chinthu chimene ine ndinachiyesa choferatu.

Mlendo anafika atanyamula dengu lotengeramo mphaka. Anaphiri sananditchule n'komwe. Anangoti amusambitsa m'mawa. Mayiyo anagwada, nalowetsa zala mu ubweya wa Dolly, ndipo misozi inalengeza. Anati zala za amayi ake zinali zitauma ndi ukalamba, ndipo panali patatha zaka asanaone ubweyawo utapotana chonchi. Anamwa tiyi, nanyamula dengu lake lopanda kanthu.

Chitseko chitangotsekedwa, manja a Anaphiri aja amene sanagwedezeke tsiku lonse anayamba kunjenjemera, mpaka kapu inkalira pa sosala.

“Tandigwirire, mwana iwe,” anatero. Ataona ndikuwayang'ana modabwa anawonjezera kuti, “Ntchito kaye. Kunjenjemera n'kwa pambuyo.”

Dolly anakalambira m'nyumba imeneyo. Lero ndine namwino ku Manchester, ndipo pali masiku amene moyo wa munthu umakhala m'manja mwanga. Manja amagwira ntchito yake mpaka kumapeto. Ndikatero ndimakakhala pandekha, n'kuwalola anjenjemere.