Ndinadwala pa Khadi la MaZondi

Magazi oyamba ndinawaona mu Meyi chaka cha 2011, m'mawa wa Lachiwiri, ndikuchapa zovala za eni ake kuseri kwa mafulati a ku Greyville. Ndinangomva kunyowa. Nditalowa m'chimbudzi ndinapeza kadontho kofiira pa chovala chamkati, kakang'ono ngati nyemba. Ine ndinali nditasiya kusamba zaka zoposa khumi m'mbuyomo. Ndinatsuka, ndinabwerera ku zochapa zanga, ndipo sindinauze munthu.

Ndine Nachisale wa ku Ntcheu. Kulemba sindidziwa, ndiye ndikuyankhula, mnzanga wa m'gulu lathu la amayi akulemba. Ndinabwera ku Durban mu 2007 kudzalera ana a mwana wanga Esinati. Zitavuta mu 2008, alendo tikuthamangitsidwa, Esinati anatumiza anawo kwa abambo awo ku Malawi. Ine ndinatsala, poti munda wanga kumudzi abale anali atagawana kale. Esinati amagwira ntchito ya m'nyumba ndipo amagona konko, kwa ine amabwera Lamlungu masana basi. Ndinkakhala ndekha m'kachipinda ka malata ku Cato Manor. Kuyambira chaka cha mavuto chija ndinaphunzira kutseka pakamwa. M'takisi ndinkangoti zii. Masiku ena dzuwa linkatuluka mpaka kulowa ndisanatchule mawu amodzi a Chichewa, kupatula popemphera.

Mu Juni magazi aja anayamba kubwera kawiri kapena katatu pa sabata. Kenako kunayamba kutuluka madzi a fungo, ndipo msana wa m'munsi unkawawa ngati ndasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi. Esinati sindinamuuze. Kwathu mayi sauza mwana wobereka yekha nkhani za kumusi. Zimenezo zimapita kwa anamkungwi kapena kwa mnzako wa msinkhu wako, ndipo ine kuno ndinalibe onsewo. Ndinkang'amba zitenje zakale n'kumavala, ndikachapa n'kuyanika m'kati mwa nyumba kuti anthu asaone.

Amene anaona ndi MaZondi, mayi wa Chizulu wa msinkhu wanga yemwe tinayandikana zitseko. Ankagulitsa mandasi pokwerera matakisi. Tinkamvana ndi manja ndi timawu towerengeka. Tsiku lina analowa kudzabwereka mchere, anaona nsanza zili pa chingwe, anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, kenako anati, "Kiliniki." Ine ndinapukusa mutu. Masiku a pa pasipoti yanga anali atatha kalekale, ndipo pakati pa Amalawi zinkamveka kuti wopanda mapepala akapita kuchipatala amamubweza, mwinanso kumuitanira apolisi. Palibe amene ndinkamudziwa yemwe anaziona ndi maso, koma tonse tinkazinena. N'chifukwa chake ambiri mwa ife ankabwereka khadi la kuchipatala kwa mnzawo wa konkuno. MaZondi anakatenga lawo n'kundiika m'manja. Anandiphunzitsa dzina lolembedwapo, Nomusa Zondi, ndi mawu atatu a Chizulu onena kuti ndikutaya magazi.

Ndinapita kumapeto kwa Julayi. Ndinafika kukungocha, koma mzere unali utafika kale pa geti. Makadi tinaponya m'kabokosi n'kukhala pa mabenchi. Cha m'ma teni nesi anatuluka n'kuitana, "Nomusa Zondi!" Anthu anatembenuka kuyang'ana uku ndi uku, inenso ndinatembenuka nawo. Anaitananso kachiwiri, kachitatu, ine mumtima ndikuti mayi ameneyu bwanji akutichedwetsa. Ndinadzazindikira nesi atalowa kale kuti amaitana ine. Khadi linabwerera pansi pa anzake onse, ndipo ndinalowa cha m'ma fili masana, njala ili m'mutu.

Nesi atawerenga khadi anayamba kundikalipira. Ndinatolapo zoti ndasiya kudzatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ine ndinangovomera m'Chizulu kuti, "Yebo." Ndinanena mawu atatu aja. Anandigoneka pa bedi, anandiyeza kumusi, anatengako zina pa kagalasi, ndipo nkhope yake inasintha. Anandionetsa zala zisanu ndi chimodzi kuti ndidzabwerenso pakapita masabata amenewo. Anandipatsa mapilitsi owonjezera magazi, ndi enanso a matenda a MaZondi. Amenewo ndinakapereka kwa mwini wake, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Mu Ogasiti amuna a MaZondi anamwalira kumudzi kwawo kumapiri. MaZondi ananyamuka tsiku lomwelo, khadi lili m'chikwama chawo, pa chitseko atakhoma loko. Mwambo wawo unafuna kuti akhale konko pa chisoni miyezi yambiri. Ine ndinawerenga masabata asanu ndi limodzi ndi maulendo a Esinati a Lamlungu. Atakwana, ndinapita mpaka pa geti ya kiliniki. Ndinaima pamenepo kuyang'ana anthu akulowa ndi makadi awo m'manja. Ndikanati ndine ndani? Ndinabwerera.

Kuyambira Seputembala mpaka Febuluwale ndinadwalira m'nyumba. Magazi anayamba kubwera a zibuma. Ndikaweramuka, chizungulire. M'manja munayera mbee. Mu Disembala ndinasiya maganyu ochapa, ndipo Esinati ndinamuuza kuti ndi nyamakazi. Lamlungu ndinkasamba bwino, kuvala duku loyera, kukhala pa mpando mpaka mwana atapita. Akangotuluka ndinkagona pansi pa mphasa. Lolemba mpaka Loweruka kunali kumvera mawailesi a anthu ena kudzera m'malata.

Miyezi imeneyo amayi ena ovala masikipa ofanana ankayenda khomo ndi khomo m'dera lathu, atanyamula mapepala. Pa chitseko changa anagogoda kawiri. Ine ndinaganiza kuti atumidwa kudzawerenga alendo, ndiye ndinakhala phee m'kati, ngakhale kutsokomola ndinkabisa m'chitenje, mpaka mapazi awo atapita.

Sabata yachiwiri ya Febuluwale 2012, masana dzuwa likuswa mtengo, kunamvekanso kugogoda. Koma ulendo uno mawu anali athu.

"Odi kuno! Odi, amayi a ku Ntcheu!"

Ndinakwawa n'kutsegula. Panaima mayi wamfupi wovala mpango wa Chisilamu pamwamba pa sikipa ija. Anati ndi Abiti Jafali a ku Mangochi, ndipo ndi amene amamasulira Amalawi m'gulu la amayi a m'dera lathu. Anavula nsapato, anakhala pansi pa mphasa, anandipatsa moni wa kwathu wonse osafulumira. Kenako anati, "Amayi, sindinabwere kudzakuwerengani. Akuchipatala akufuna MaZondi, ndipo MaZondi amene akuwafunawo ndinu."

Anandifotokozera kuti zotsatira zinatuluka mu Seputembala, ndipo akukiliniki anakhala akuimba nambala ya foni yolembedwa pa khadi. Kumapiri kuja foni imagwira mwa apo ndi apo, moti uthenga unawapeza MaZondi mu Januwale. Anayamba alira kaye poganiza kuti akufa ndi iwo, asanakumbukire kuti khadi linayenda ndi ine. Ine foni ndinalibe, ya Esinati sankaidziwa, ndiye MaZondi anaimbira mtsogoleri wa gululo, Sisi Phumzile, yemwe ankadziwana naye. Ndinawauza Abiti za mantha anga a pasipoti. Anati, "Mukabisa matenda, maliro tidzamva. Mawa ndikubwera kudzakutengani, ndipo mutenge pasipoti yomweyo yakuthayo."

Nesi anali yemwe uja. Abiti atafotokoza zonse, anaika cholembera pansi n'kugwira m'mutu. "Eish, gogo," anatero, Abiti akumasulira. "Ndinamva kuti lilime lanu si la kuno, koma ndinkayesa munakwatiwa kwa a Zondi. Ndakhala ndikusaka munthu wolakwika miyezi isanu. Nanga mapilitsi a MaZondi aja mukanamwa, zikanatha bwanji?" Anatenga khadi latsopano, anandifunsa dzina langa, ndipo ndinalitchula kawiri kuti alembe bwino. Za apolisi sanatchule n'komwe. Analemba kalata yonditumiza kuchipatala chachikulu.

Tinapita ndi Abiti, koma kumeneko sizinayende msanga. Pa zenera lotsegulira mafayilo anayang'ana pasipoti n'kutiuza kuti tibwere tsiku lina. Tsiku linalo tinapita ndi Sisi Phumzile, atanyamula kalata ya gulu. Sanakweze mawu. Anapempha kuonana ndi wamkulu wa ofesiyo, anakhala pa mpando n'kunena kuti sachoka mpaka mayi wotaya magaziyu ataonedwa ndi dokotala. Tinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo fayilo inatsegulidwa.

Mu Malichi anadula kanyama kakang'ono kukayeza, ananditenga zithunzi za m'mimba, ndipo anandiika magazi mabotolo awiri. Patapita masabata atatu dokotala wamkazi anatiitana m'kachipinda. Anati ndi khansa ya khomo la chiberekero. "Mukanabwera mu Seputembala, mwina opareshoni yokha ikanakwana," anatero. "Tsopano chotupacho chakula, sitingachidule. Koma sichinapite kutali. Tichiwotcha ndi makina."

Esinati anauzidwa ndi Abiti, ine nditakhala pomwepo maso ali pansi. Analira, kenako anakwiya. Anati, "Amayi, kuno si kumudzi. Kuno anamkungwi anu ndine, mufune musafune."

Chithandizo chinayamba pakati pa Epulo ndipo chinatenga masabata asanu ndi limodzi, Lolemba mpaka Lachisanu. Esinati sakanasiya ntchito, ndiye amayi a m'gulu anagawana masiku ondiperekeza. Ena anali Azulu, wina wa ku Kongo, wina wa ku Zimbabwe, ndipo ndi ambiri a iwo tinkangokhala moyandikana pa benchi osamvana chinenero. Tinkafika m'mawa, kupereka khadi, kumwa makapu a madzi amene anatilamula, n'kudikira. Tsiku lina makina akavuta tinkadikira mpaka madzulo. Pa chiuno panga anajambula timizere ta inki n'kundiletsa kutikhula posamba. M'chipinda cha makinawo munthu amalowa yekha. Amakugoneka, onse n'kutuluka, chitseko cholemera n'kutsekeka, ndipo chimakina chimakuzungulira chikulira pang'onopang'ono. Sichipweteka. Ine ndinkatchula mayina a midzi ya kwathu, kuyambira pa msewu mpaka kuphiri, ndipo ndisanamalize ankatsegula. Lachitatu lililonse ankandiikanso mankhwala a m'diripi.

Kupweteka kunkabwera kunyumba. Sabata yachitatu ndinayamba kutsegula m'mimba, pokodza pankatentha ngati tsabola, ndipo chakudya chilichonse chinkanunkha chitsulo. Ndinkakhalira phala lamadzimadzi ndi nthochi. Wondiperekeza ankanditungira madzi, kundifunditsa, kenako n'kupita kwa ana ake, poti aliyense ali ndi nyumba yake. Kuyambira pamenepo mpaka m'mawa mwake ndinkatsala ine ndi chidebe. Sindikunamizani kuti gulu linachotsa kusungulumwa konse. Koma ndinkadziwa kuti kukacha wina agogoda, ndipo zimenezo zinandidzutsa masiku amene ndikanakonda kungogona.

Magazi anasiya mu Meyi, chithandizo chisanathe n'komwe. Mu Ogasiti dokotala anati chotupa chafota kwambiri. Mu Novembala anandiyeza nthawi yaitali, kenako anati sakuchionanso, koma ndizibwerabe miyezi itatu iliyonse. MaZondi anabwerako chaka chimenecho chikutha. Anayenera kupita kukiliniki kukakonzetsa fayilo yawo, poti inkanena kuti ali ndi matenda anga, ndipo nesi sanawalole kutuluka asanawayeze nawonso. Anabwera akung'ung'udza kuti anabwereketsa khadi koma abwezeredwa manyazi. Sanawapeze ndi kanthu.

Nditapeza mphamvu ndinayamba kupita ku misonkhano ya gululo, Loweruka masana m'holo ya tchalitchi. Kumeneko ndinamva zimene amayi anzanga amasenza. Wina mwamuna wake anamubisira pasipoti kuti asathawe. Wina amamenyedwa koma amaopa kupolisi chifukwa cha mapepala. Wina abwana ake amamutsekera m'nyumba akamapita kuntchito. Amayi a m'gulu amawaperekeza kumaofesi, amawapezera pogona akathawa nkhanza, ndipo amaphunzitsa kuti thupi la mayi ndi lake, kaya anabadwira kuno kaya anadutsa malire. Ine ntchito anandipatsa ndi yoyankhula ndi amayi achikulire a kwathu, amene sangamasuke kwa atsikana. Chaka chino cha 2015, mu Epulo, kutavutanso, tsiku langa lokayezedwa linagwera sabata yomweyo imene alendo tinkaopa kutuluka. Amayi awiri a Chizulu anabwera, wina anakhala kumanja kwanga wina kumanzere m'takisi, akucheza mokweza modutsa ine, mpaka tinafika.

Lero papita zaka zitatu. Ndimakayezedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndipo sanapezenso kanthu. Ndimadya bwino, thupi linabwerera. Chotsala ndi kukodza pafupipafupi ndi chiuno chimene sichilola ndowa yodzaza, moti ndimachapa kwa banja limodzi lokha. Dokotala anati zimenezo mwina sizidzatha, ndipo ndi mtengo wa miyezi imene ndinachedwa.

Amayi anzanga, makamaka inu amene munasiya kusamba, mukaona magazi musati mwezi wabwerera. Pitani sabata yomweyo. Ngati mukuopa pa zenera la kuchipatala, funani amayi a gulu la m'dera lanu akuperekezeni, alipo. Ndipo khadi la mnzanu musiyireni mwini wake, ngakhale akupatseni ndi mtima wabwino. Akuchipatala akapeza chinthu m'thupi mwanu adzakufunani, ndipo adzapita kumene dzina lawalozera.