Mtengo Umene Unathawa Nkhwangwa ku Chulu

Kutalika ndinatengera kwa amalume, ndipo phindu lake linali limodzi: anthu ankandiitana kukafolera zigafa za fodya chifukwa sindinkafuna makwerero. Ndiye pamene alangizi a zaulimi anapempha kwaya yathu kuti ikonze sewero la mitengo, panalibe zokambirana kuti mtengo akhale ndani. Onse anangotembenuka n'kundiyang'ana.

Zinali zaka za makuponi zija. Kwathu ku Chulu mitengo inali itatheratu, ina ku mphanda za zigafa, ina kunkhuni. Amayi ankaphikira zitsononkho ndi mapesi a fodya, utsi wake woliza munthu ngati pamaliro. Alangizi anabweretsa mbande ndi mbaula zadothi zosadya nkhuni zambiri, koma akaitanitsa msonkhano kunkabwera agalu ambiri kuposa anthu. Kenaka anatulukira nzeru. Tsiku logawa makuponi a feteleza ngakhale wodwala amabwera atakwezedwa pa njinga. Sewero lichitike tsiku limenelo, anthu akudikira.

Seweroli linali losavuta. Ine ndiime chilili nditavala nthambi. Mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, abwere ndi nkhwangwa yosema pa thabwa, andidule, ndigwe. Kenaka akazi anga atulukire atasenza mbaula, amudzudzule, kwaya iyimbe, basi.

"Mawu anga ndi ati?" ndinafunsa pokonzekera.

"Munaumvapo mtengo ukuyankhula, alamu?" anatero. "Inu ntchito yanu ndi kugwa."

Tsikulo dzuwa linaswa mtengo, ndipo mtengowo ndinali ine. Mlamu wanga anatenga nthambi kumtsinje n'kundimangirira thupi lonse kuseri kwa sukulu, pogwiritsa ntchito chingwe cha zomera zoyanga chimene anachisolola konko. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo. Anthu anali mbwee, ndipo kutsogolo kwenikweni, pa chitenje, panakhala apongozi anga aakazi, amene chikwatirire sindinayang'anane nawo m'maso.

Ndinakweza mikono ngati nthambi. Kwaya inayamba kuimba motsitsa. Apo ndi pamene ndinamva kakuyabwa m'khosi. Ndinati ndi thukuta. Kanatsikira kumsana, kanalowa m'khwapa, kenaka thupi lonse linayaka. Chingwe chija chinali cha chitedze.

Mlamu wanga anafika akuimba mluzu, nalavulira m'manja, n'kusamula nkhwangwa. Ndinazinda. Anasamulanso, ine n'kujowa.

"Alamu, igwani," ananong'ona.

"Chitedze!" ndinatero mano ali cholumana.

"Igwani kaye, mukanda muli pansi."

Sindinathe. Ndinayamba kudzikhukhuza ndi zigongono, kupondaponda, kutembenuza chiuno, masamba ali wayawaya. Woimba ng'oma anayesa kuti tasintha sewero osamuuza, ndiye anayamba kutsata mapazi anga. Anthu anasiya mzere wa makuponi n'kukhamukira kwa ife. Pamene moto unafika kumalo amene munthu sungakande pamaso pa apongozi, ndinaliyatsa liwiro.

Mlamu wanga, poona kuti mtengo wake ukupita, anauthamangitsa ndi nkhwangwa. Tinazungulira bwalo, tinadumpha njinga za anthu, nkhuku zili balalabalala. Gogo wina anakuwa kuti, "Thawa, mtengo, thawa! Akusandutsa chigafa ameneyo!" Apongozi anga anafunda chitenje kumutu, koma chitenjecho chinkagwedezeka.

Akazi anga anatulukira ndi mbaula pamutu n'kupeza pabwalo palibe mtengo, palibe woudula. Anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anaitula mbaulayo mwaulemu, nagwira m'chiuno.

"Mwadzionera nokha," anatero. "Mitengo yatopa nafe, yayamba kusamuka. Amene ali ndi miyendo aithamangitse. Ine ndiziphikira apa ndi tinkhuni tanga titatu."

Anthu anaomba m'manja, amayi nthungululu. Ine zonsezi ndinachita kumva pambuyo pake, chifukwa nthawi imeneyo ndinali ndikugubuduzika m'matope a pamjigo, atsikana otunga madzi atathawa n'kusiya zidebe.

Alangizi anandipeza komweko, misozi ya chiseko ili m'masaya. Anati mbande zonse zatengedwa, ndipo amayi akufunsa tsiku lophunzira kuumba mbaula. Anapempha kuti seweroli tikalichitenso ku Lukwa, mtengo uthawe chimodzimodzi.

Tinapitadi. Ulendo uno nthambi ndinathyola ndekha, n'kumangirira ndi luzi limene ndinaliyang'anitsitsa mbali zonse. Ndinajowa, ndinavina, ndinathamanga mmene ndikanathera. Anthu anaseka ndithu, koma pobwerera woimba ng'oma anandiuza kuti mtengo wa ku Chulu unali ndi mzimu, wa leroyu umangodzikakamiza. Mlamu wanga anati iye akudziwa chimene chikusoweka ndiponso kumene chimamera. Anakwera njinga yake mofulumira ndisanatole mwala.