A Elton Ogwedeza Mawaya

A Elton Chikaonda a ku Ntcheu anagwira ntchito ya mawaya a galimoto pagaraja ina ku Marabastad, ku Joni, zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndimagulitsa mandasi pageti pomwepo, choncho zonse ndinaziona ndi maso angawa. Munthuyu ndi waliuma. Ku Limbe, komwe anaphunzira ntchito, anawauza kuti mwini galimoto azidzionera yekha pomwe pali vuto, ndipo khalidwe limeneli anafika nalo mpaka ku Joni.

Chaka chawo chomaliza pagarajapo ankadikira kalata ya abwana awo yoti akawonjezere nayo chilolezo chogwirira ntchito. Popanda kalatayo, kunali kubwerera kumudzi kapena kukhala mobisala.

Ndiye kunabwera mayi wina wa ku Soshanguve, a Naomi. Galimoto yawo inkangoyatsa nyali yochenjeza kuti oyilo watentha, ngakhale m'mawa injini ili yozizira. Abwana anali atawagulitsa kale katatu konse sensa, kachipangizo koyeza kutentha kwa oyilo.

"Elton, ika ina. Quick quick," anatero abwana.

A Elton anamasula sensa ija n'kuiyeza ndi mita yoyezera magetsi. Inali yabwinobwino. Wochenjera akanangoika ina n'kutseka pakamwa, koma iwo ayi. Anawakhazika a Naomi pampando wa dalaivala.

"Mama, yang'anani nyaliyo. Ikathima, shout."

Analowa pansi pa galimoto n'kuyamba kugwedeza waya mmodzimmodzi.

"Yathima! Eish, yayakanso!" anakuwa mayi aja.

Waya wopita ku sensa anali ataperepeseka pokhuzana ndi chitsulo. A Elton anamulumikiza bwino, n'kumukulunga ndi tepi, ndipo nyali sinayakenso. A Naomi anatuluka n'kuwalalatira abwana m'Chisepedi, makasitomala onse akumva. Ine ndinaseka mpaka misozi. Kupusa kwanga, sindinadziwe kuti ndikuseka maliro.

Lachisanu a Elton anapita kukafunsa za kalata. Abwana sanadzutse n'komwe mutu.

"Kalata? Akakulembere mama wako wa ku Soshanguve uja. Ovololo usiye pamenepo."

Pano amatchetcha kapinga m'mayadi a anthu ku Centurion, ndipo galimoto ya apolisi ikamadutsa amabisala kuseri kwa mpanda. Munthu wa manja ngati amenewo! Zimandipweteka, ndipo nthawi zina ndimapsa nawo mtima eni akewo. Lamlungu tikutuluka mu tchalitchi ndinawafunsa ngati sakunong'oneza bondo.



"Achemwali," anatero, "sensa ija inali yabwino."