Khomo Lomaliza la a Egbert Hulzebos

Kwathu kuno ku Drenthe, munthu akamwalira sitinkadalira mphekesera. Tinkadikira a Egbert Hulzebos. Ankavala jekete lakuda lofika m'mawondo ndi chipewa chachitali, ndodo m'manja, n'kumayenda khomo ndi khomo. Akafika ankagogoda ndi ndodoyo, kuvula chipewa, n'kunena mawu omwe ankanenanso bambo awo pa ntchito yomweyo: "Banja lakutilakuti landituma kudzakudziwitsani kuti Mulungu watenga uje." Sankalowa m'nyumba, sankakhala pansi, ndipo ngakhale khofi sankalandira mpaka atamaliza mudzi wonse.

Ine ndine Jantien. Nyumba yanga ndi yawo zinagundana khoma, choncho ndinawaona akukalamba pa ntchitoyi. Sindinganame kuti anali munthu wosangalatsa. Ana ankathawa akangoona chipewa chija, ndipo ife akuluakulu tinkayamba kuganizira amene akudwala m'mudzi.

Khomo lomaliza pa ulendo uliwonse linali lawo lomwe. Akazi awo, a Lammechien, anakana kalekale kuuzidwa za maliro pa tebulo.

"Kodi ine si munthu wa m'mudzi muno?" ankatero. "Anzanga muziwavulira chipewa, ine muzindiuza mukutafuna mbatata?"

Ndiye a Egbert ankagogoda pakhomo pawo ngati mlendo, n'kulengeza uthenga wonse. A Lammechien ankamvetsera mpaka mawu athe, kenako n'kuyankha kuti, "Ndamva, bambo. Lowani, khofi akuzizira." Ndinazimva kudzera pakhoma kambirimbiri, mpaka zinasiya kundiseketsa.

Chaka cha 1900 chinabwera ndi phokoso lambiri. Abusa ankati zaka zana zatsopano zayamba, aphunzitsi ankati ayi, ziyamba chaka chamawa, ndipo amuna ankakangana nkhaniyi kumowa ngati pali chimene alandirepo. Nyuzipepala inadzaza ndi nkhondo ya Maburu ndi Angerezi, moti anyamata amene sanafikepo ngakhale ku tauni yapafupi ya Groningen ankalumbira kuti apita kukamenya nawo. Kasitima ka malasha kanayamba kudutsa kumapeto kwa mudzi, ng'ombe zikubalalika. Ine zonsezi zinkangonditopetsa. Mbatata tinkakumbabe ndi manja omwewo, ndipo msana unkapweteka chimodzimodzi.

Chimene chinawapweteka a Egbert ndi makhadi. Mabanja opeza bwino anayamba kusindikiza uthenga wa maliro m'tauni, pa timakhadi ta mphepete zakuda, wapositi n'kumagawa pa njinga. Osauka nawo anatsanzira. Chipewa chija chinayamba kukhalitsa pa msomali. A Egbert sankadandaula poyera, komanso miyendo inali itatupa, moti kufika kutchalitchi kokha ankapuma kawiri panjira.

Mu Novembala a Lammechien anamwalira ndi chifuwa. Ife anansi tinachita zimene anansi amachita: tinaimitsa wotchi, kuphimba galasi, kutseka mazenera, n'kusambitsa thupi. Namfedwa kwathu kuno sagwira kanthu, ndipo satuluka pakhomo mpaka tsiku loika. Mwana wawo Roelof, amene ankagwira ntchito ku njanji m'tauni, anafika m'mawa mwake n'kupeza bambo ake akupukuta chipewa.

"Bambo, makhadi ndikasindikizitsa ine. Pofika mawa aliyense akhala atamva."

"Amayi ako awalowetse pansi pa chitseko ngati pepala lotsatsa sopo?"

"Nanga apite ndani? Namfedwa satuluka, munkatiphunzitsa ndinu nomwe. Ndiponso miyendo imeneyo ikakufikitsani pati?"

Nanenso ndinalowererapo, chifukwa pakamwa panga sipachedwa. "A Egbert, takhalani pansi. Mukakagwera mu ngalande, maliro awiri ife sitingawakwanitse."

Anandiyang'ana, maso ali ofiira. "Mayi Jantien, ndalengezapo zidakwa. Ndalengezapo ngakhale uja anandibera nkhosa. Aliyense dzina lake linatuluka pakamwa pa munthu. Ameneyu yekha ndiye litulukire m'chikwama cha wapositi?"

Anatenga chipewa ndi ndodo. Anavala nsapato zawo zamtengo n'kutuluka, kunja kukuwaza kamvula kozizira.

Za panjira ndinazimva pambuyo pake. Kuchigayo, akazi a mwini chigayo anatsegula akuseka. "Lero ndani, a Egbert? Ife tinkayesa ntchito inakutherani." Atamva dzinalo anangogwira chitseko. Ena anaipidwa, ati mkulu wodziwa mwambo wauphwanya yekha. Wina anafuna kuwakweza pa ngolo, iwo anakana, chifukwa uthenga wa maliro umayenda wapansi. Kumafamu a kutsidya kwa dambo anawaona atatsamira mtengo nthawi yaitali, koma pansi sanakhale. Palibe khomo limene analidumpha.

Kunyumba Roelof ankangozungulira. Mtima wanga nanenso unali m'mwamba, ndipo ndinali wokwiya: ndi nkhalamba youma mutuyo, ndi mwana wake, ndi zaka zana zatsopano zomwe sizinatibweretsere ngakhale munthu m'modzi wolowa m'malo mwake. Khofi ndinamutenthetsa mpaka anada bii.

Dzuwa litapendeka tinamva ndodo pachitseko. Roelof analumpha kuti akawakokere m'nyumba, koma ndinamugwira mkono.

"Asiye. Sanamalize."

Ndinatsegula ndine. A Egbert anali ataima pakhonde, matope mpaka m'mawondo, milomo itachita mbuu ndi kuzizira. Anavula chipewa. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana pambali panga, pamene a Lammechien ankaima nthawi zonse.

"Banja la Hulzebos landituma kudzakudziwitsani kuti Mulungu watenga Lammechien, mkazi wa Egbert."

Mawu anatha, koma iwo anangoimabe, chipewa chili m'manja, mvula ikuwagwera pa dazi. Ankadikira yankho. Woyankhayo anali gone m'chipinda cha kutsogolo, atavekedwa zoyera, ndipo ndinamumvera chisoni mkuluyu kuposa mmene ndinamverapo munthu aliyense.

"Ndamva, bambo," ndinatero. "Lowani, khofi akuzizira."

Analowa. Anakoleka chipewa pa msomali n'kukhala pansi, ndipo Roelof anagwada n'kuyamba kuwavula nsapato. Chipewacho sichinachokenso pa msomalipo.

A Egbert anatha nafe nyengo yozizirayo basi. Aphunzitsi anakondwerera zaka zawo zana zatsopano mu Januwale, a Egbert ali pabedi. Anamwalira mitengo itayamba kuphuka, ndipo amene anawatseka maso ndine. Mawa lake nditabwera kokama ng'ombe, ndinapeza kakhadi ka mphepete zakuda pansi pa chitseko changa, kondidziwitsa kuti a Egbert Hulzebos anamwalira.